Theka la Nkhope ya Ivone

Chikwama chija amalume a Simão sanachipereke m'manja, anachita kuchiponya. Chinamenya khoma la siwa n'kutseguka, zonse za m'katimo n'kumwazika pansi: timabotolo ta zopaka kumaso, mabatomu opaka milomo, maburashi, kasiponji, ndi galasi la m'mbali mwa lole limene Ivone ankadziyang'anirapo. Batomu imodzi inagubuduka mpaka kukaima m'mphepete mwa mphasa imene mwini wake anagonekedwapo.

"Tola," anatero amalumewo. "Ukonze nkhope ya mkulu wakoyu. Akatekisita akafika anthu aona nkhope, ndiye sindikufuna munthu achoke pano akunong'ona."

Gilda sanatole. Anali chigwadire pambali pa mtembo kuyambira pamene amayi osambitsa maliro anatuluka. Mtembowo unafika dzulo lake masana kuchokera ku Cassacatiza, pagalimoto ya Celso, mwamuna wa malemuyo. Celso anati Ivone anagwa pa mota, njinga yamoto ija, pamalo oterera, mutu n'kumenya mwala. Anthu a ku Nsadzo anangopukusa mitu, poti nyengo ya mvula mota zatha anthu ambiri. Chimene anachikamba kwambiri tsikulo sichinali imfayo ayi, koma Carlota, mayi woyandikana nyumba ndi Ivone, amene anaperekeza mtembo atadziphoda kumaso ngati akupita ku ukwati. Koma m'mawa uno amayi atatu amene analowa ndi beseni la madzi anatuluka osayang'ana munthu, ndipo wamkulu mwa iwo anapita kukanong'oneza amalume kuseri kwa nkhokwe.

Amene sankamudziwa Ivone ndiye kuti analibe foni. Ankajambula mavidiyo ophunzitsa kudziphoda n'kumawaika pa Fesibuku, ndipo ankaonedwa mpaka ku Tete ndi ku Katete. "Amiga zanga, mwadzuka?" ankayamba choncho, atakhala pawindo kuti kuwala kwa m'mawa kumumenye bwino. Katundu sankamunyengerera. Burashi yothothoka ubweya ankaithothola pamaso pa anthu. Baze, phala lija lofanana ndi khungu limene madalaivala a malole ankabwera nalo kuchokera ku Lusaka, ankaipaka m'mawa n'kuyenda nayo dzuwa lili paliwombo mpaka pa fronteira, pachipata cha malire paja, ndi kubwerera, kenako n'kuonetsa: "Mwaona, yandisandutsa phulusa. Musagule." Amayi a kwaya ankati zonsezi n'zauhule, koma ukwati ukayandikira ankabwereka mafoni a ana awo. Ndipo vidiyo iliyonse inkatha chimodzimodzi. Ivone ankadontheza mafuta ophikira pakansalu, poti baze yabwino sichoka ndi madzi, n'kupukuta theka la nkhope kuchokera pamphumi mpaka kuchibwano, n'kuyandikira foni. "Mbali iyi ndi ya anthu," ankatero. "Mbali iyi ndi yanga. Musaiwale kuti ili pansipa."

Vidiyo imene inaonedwa kuposa zonse, foni anaigwira ndi Gilda yemweyu, chaka chatha atapita kukacheza patchuthi. Inali yophunzitsa kubisa mkwingwirima. Ivone anatuluka kuchipinda diso lili bii, akuseka. "Usadzidzimuke, ndajambula ndekha ndi pensulo ya nsidze." Gilda anakhulupirira. Kapena tinene zoona, anasankha kukhulupirira, poti alamu ake anali atamugulira nsapato dzulo lake.

"Tsiku loyamba pamafiira," anaphunzitsa Ivone muvidiyomo. "Lachiwiri ndi lachitatu pamada, ndiye muyambe ndi batomu yofiira ngati katondo, baze ibwere pamwamba. Pakatha sabata pamabiriwira. Pakatha masabata awiri pamasanduka chikasu, apo phoda yekha akwana. Ndipo musamatikite. Muziyamba mwatenthetsa baze kuseri kwa dzanja lanu, kenako muzingogunda pang'onopang'ono ndi chala cha mphete. Chala chimenechi chilibe mphamvu."

Phunziro limenelo ndi limene linamugwadika Gilda pamphasa m'mawawu. Mota imagwetsa munthu tsiku limodzi. Koma pansi pa diso lakumanzere la Ivone panali pakuda, pachibwano pobiriwira, kuseri kwa khutu chikasu. Pakhosi panali madontho anayi akuda mbali imodzi, ndi limodzi lalikulu mbali inayo.

"Amalume, bwerani muone khosi."

"Ndaona kale."

"Mwala uli ndi zala?"

Mbama inamupeza asanatseke pakamwa. Inamugwetsera cham'mbali, chigongono n'kuphwanya kabotolo kamodzi, khutu n'kuyamba kulira. Amalume a Simão anali munthu wa khasu, dzanja lawo linali louma ngati chikuni. Anaima pamwamba pake akupuma mwamphamvu, ndipo atayankhulanso anatsitsa mawu kuti a panja asamve.

"Chimanga chimene wakula nacho ukudziwa kuti chimamera pa yani? Tinabwera kuchokera ku Zambia nkhondo itatha tili ndi mapoto awiri, amayi akowa ali mtsikana. Malo a makolo athu tinapeza anakhalapo ena. A Valentim, bambo ake a Celso, ndi amene anatiloza dambo lija. Palibe pepala, pali pakamwa pawo basi. Khoswe akakhala pamkhate sapheka, Gilda. Madzi atayika kale, ukufuna tiswenso mtsuko?"

"Anathawira kuno kawiri," anatero Gilda, akulavula magazi pang'ono. "Kawiri konse munamukweza nokha panjinga kumubweza."

"Ndinali nkhoswe. Banja ndi kupirira."

"Wapirira. Uyu ali apayu."

Amalume anakweza dzanja kachiwiri, koma silinatsike. Pakona pa chipindacho panakhala amayi awo a Gilda, a Florência, atatambasula miyendo, duku litatsikira kumaso. Chifikire mtembo anali asanalankhule mawu ndi amodzi omwe, ngakhale kulira kwawo kunali kopanda mawu. Gilda anawayang'ana kudikira kuti anene kanthu, iwo n'kumangoyang'ana mapazi awo.

Mkwiyo unamukwera Gilda mpaka kumutu. Anapisa m'thumba la m'mbali mwa chikwama chija n'kupeza foni ya Ivone, galasi lake long'aluka koma idakali yamoyo. Anafufuza vidiyo ija n'kukweza mawu mpaka pomalizira.

"Amiga zanga, mwadzuka?"

Mawu a wakufa anadzaza siwa n'kutulukira pawindo. Panja nyimbo ya amayi inadukira pakati. Sipanatenge nthawi, nsalu ya pakhomo inakankhidwa, ndipo analowa Celso.

Celso anali munthu wosalala. Ankagwira ntchito yothandiza madalaivala mapepala pa fronteira, malaya ake sankakhala ndi khwinya, ndipo akamapereka moni kwa akuluakulu ankagwira chigongono. Chifikire dzulo anali atalira kuposa aliyense, mpaka amayi ena kumumvera chisoni kuti mnyamatayu adwala. Bokosi anakagula yekha ku Chifunde, lonyezimira, la zogwirira zachitsulo. Analowa mwakachetechete n'kubweza nsalu ya pakhomo bwinobwino.

"Mlamu, bweretsa foniyo," anatero ndi mawu ofewa.

Gilda anaibisa kumbuyo. Celso anamupotokola mkono mpaka foni inagwa, n'kuiponda ndi chidendene cha nsapato, kamodzi, kawiri, katatu, ngati kuti mawu a Ivone ankakhala mufoni imodzi yokhayo. Kenako anamugwira Gilda pakhosi n'kumukanikiza kukhoma. Zala zinayi mbali imodzi, chachikulu mbali inayo. Gilda anamva mpweya ukutsekeka, maso akuchita mdima m'mbali, ndipo chimene chinamuopsa kwambiri n'chakuti nkhope ya alamu ake sinasinthe. Munthuyo sanali wokwiya. Ankachita ntchito imene dzanja lake linaizolowera.

"Mkulu wako ankakonda kukongola," anatero Celso. "Umukongoletse. Ukatha ndiona."

Amalume a Simão, amene mbama yawo inali isanazizire patsaya la Gilda, anali akuyang'ana denga. "Pepani bambo, ndi mwana uyu," anatero. "Apaka. Musiyeni, apaka."

Celso anamasula. Gilda anatsetserekera pansi akutsokomola. Ndipo ndi pamenepo pamene amayi ake anayankhula, osakweza mutu.

"Paka, mwananga. Ndatopa. Tiike maliro."

Mawu amenewo anamupweteka kuposa mbama ndi zala zonse zija. Anatola zinthu za Ivone chimodzichimodzi n'kuziyala pa kapulana, chitenje chija, mwa dongosolo limene mwini wake ankaziyalira. Kenako anayamba.

Khungu la wakufa silimwa baze ngati la wamoyo. Ndi lozizira, limakana. Gilda anatenthetsa baze kuseri kwa dzanja lake monga anaphunzirira, anapaka batomu yofiira pamalo akuda, anadikira, n'kugunda pamwamba pang'onopang'ono. Pachibwano anabwereza kawiri. Pakhosi anabwereza katatu, n'kukokera kolala ya diresi loyera m'mwamba. Anajambula nsidze, anapaka milomo mtundu umene Ivone ankautcha wa Lamulungu. Misozi inkamugwera padzanja, iye n'kumaipukutira paphewa kuti isaononge ntchito. Ankadana ndi manja ake chifukwa ankagwira bwino. Atamaliza, pamphasapo panagona Ivone wa mufoni, amene atsikana a ku Nsadzo ankalakalaka atafanana naye.

Celso anawerama, anayang'ana mbali zonse ziwiri, n'kugwedeza mutu ngati munthu amene walandira galimoto yake kwa makaniko. "Uli ndi dzanja, mlamu," anatero, n'kutuluka. Atangofika panja anayambiranso kulira.

Potolera zinthu kubwezera m'chikwama, Gilda anapeza pansi penipeni kabotolo ka mafuta ophikira ndi kansalu kaja, kofewa chifukwa chochapidwachapidwa. Anakagwira nthawi yaitali. Kenako anakanyowetsa ndi mafuta, n'kukapinda, n'kukalowetsa m'chiuno mwa kapulana yake.

Akatekisita anafika dzuwa litakwera, njinga yawo ili matope okhaokha. Bokosi analitulutsa n'kuliika pamabenchi awiri pakati pa bwalo, pansi pa lona lotchinga dzuwa ndi mvula. Amuna anakhala kumanja, akuchimuna kwa Celso pamipando, a Valentim patsogolo ndi ndodo yawo. Akazi anakhala pansi kumanzere. Adzukulu anali atabwera kuchokera kumanda kudzanena kuti dzenje latha, ndipo anaima kumbuyo ndi makasu awo, miyendo ili yofiira ndi dothi. Atatha mapemphero, akatekisita anati tsopano anthu aone nkhope.

Mzere unayamba kuyenda. Gilda ankamva zimene ankanong'ona podutsa. "Ngati wangogona." "Wapita ndi kukongola kwake." Mayi wina wa kwaya, yemwe uja ankatsogolera kunena zauhule, anaima nthawi yaitali n'kunena kuti Mulungu amatenga maluwa. Carlota yekha ndi amene sanayang'ane m'bokosi. Anadutsa atazolika, phoda wake ali mbuu, n'kukakhala kumapeto.

Achibale anali omalizira. Amalume anadutsa mofulumira. Amayi a Florência anadutsa atagwiridwa ndi amayi awiri. Gilda anafika pabokosi akudziwa bwino lomwe chimene chili m'dambo muja: chimanga chimene amayi ake anapalira okha, chitayamba kale ngayaye. Anaganiza za njala ya chaka chamawa. Anaganizanso za dothi limene likatsekere nkhope iyi pasanathe ola, bodza lake lili pompo, lopakidwa ndi dzanja lake lomwe. Mantha anali nawo, sanamuchoke. Anangotulutsa kansalu kaja ali nawo choncho.

Anayambira pamphumi. Anatsika pakati pa nsidze, pamphuno, pamilomo, mpaka kuchibwano, kenako n'kupukuta mbali yonse yakumanzere. Baze inachoka mosavuta. Anatsitsa kolala n'kupukutanso khosi. Amene anali pafupi anayamba aganiza kuti mwanayu akutsanzika mkulu wake, koma atsikana a kwaya anazindikira msanga chimene akuona, poti anali atachiona kambirimbiri m'mafoni mwawo. Nyimbo inazima. M'kachetechete ameneyo, mtsikana wina kumbuyo ananena motsitsa, ngati akuyankha pemphero:

"Mbali iyi ndi yanga."

Anthu anayamba kudzuka kuti aone. Celso anafika pabokosi asanafike aliyense. Akanakhala ndi nzeru akanagwa pansi n'kulira, mwina ena akanakayikabe. Koma dzanja lozolowera silidikira mutu. Chibakera chinamupeza Gilda pansi pa diso lakumanzere, pamalo omwewo, ndipo anagwa chagada n'kumenya benchi. Bokosi linapendekeka. Celso anamuponda m'nthiti, n'kumupondanso, akutukwana mawu amene anthu a ku Nsadzo sankadziwa kuti amakhala m'kamwa mwaulemu muja.

Woyamba kumenya Celso anali Carlota. Anasolola chikuni chamoto pamafuwa a maliro n'kumukhoma nacho kumsana, malaya oyera aja n'kupsa. Celso anatembenuka n'kumugwetsa ndi mbama, koma adzukulu anali atafika. Mpini wa khasu unamupeza pabondo, wina paphewa. Anagwa. Achimwene ake awiri anadumpha pamipando kudzamulanditsa, mmodzi n'kuthyoka mphuno pomwepo. Lona linagwa mbali imodzi. Mapoto anagubuduka, ana analira, mipando inauluka. Amayi a kwaya, ndi mayunifolomu awo oyera, ankaponda munthu ndi mapazi opanda nsapato. Celso analavula dzino m'matope, nkhope yake itatupa kale moti sukanamuzindikira. Akatekisita ankakuwa kuti anthu a Mulungu musaphe munthu pamaliro, koma mawu awo ankangomira.

Gilda anakwawa kutuluka pansi pa miyendo ya anthu, diso limodzi litatsekeka. Ndi diso linalo anaona amayi ake. A Florência anali atakumbatira bokosi ndi manja onse awiri kuti lisagwe, nkhope yawo ili pafupi ndi ya Ivone, ndipo ankayang'ana mbali yopukutidwayo. Kenako analira. Kunali kulira kwa mawu, koyamba chifikire mtembo, ndipo kunali kwakukulu moti amene ankamenya anayamba kuleka mmodzimmodzi.

Asekeretariyo a bairo, mkulu woyang'anira mudziwo, ndi amene anamukoka Celso m'matope akupumabe. Posowa chomangira, anamumanga ndi zingwe zimene adzukulu anabweretsa zotsitsira bokosi m'manda. Anaimba foni ku posto ya apolisi, n'kunena kuti maliro saikidwa mpaka achipatala aone mtembo. A Valentim anadzuka pampando, anasasa fumbi pabuluku, n'kuyenda mpaka pamene panaima amalume a Simão.

"Simão, ndinakupatsa dambo uli ndi mapoto awiri," anatero. "Mapotowo uli nawobe?"

Amalume anawerama n'kuyamba kutola mipando imene inagwa.

Ivone anaikidwa mawa lake madzulo, atabwera naye kuchokera kuchipatala ku Chifunde. Palibe amene anatchulanso zomupaka. Celso anatsala komweko, m'manja mwa apolisi. Tsiku lachitatu m'mawa anyamata a kwa a Valentim analowa m'dambo ndi zikwanje, ndipo pofika masana chimanga chonse chinali chitagona pansi, ngayaye zili m'matope. Amalume a Simão anapita kukaona, anabwerako, n'kukhala pakhonde lawo. Pamene Gilda ankadutsa anatembenukira kukhoma.

A Florência nawo anapita kukaona. Anabwerako ndi mtolo wa mapesi aawisi pamutu n'kuuponyera mbuzi.

"Amayi," anatero Gilda, "ndine ndachititsa."

"Ku Zambia tinalima pamiyala," anatero amayi ake, akumasula nkhata. "Sitinafe. Bweretsa madzi ofunda ndikuthowe disolo."

Sananene kuti wachita bwino, ndipo Gilda sanafunse. Njala inali ikubwera ndithu, onse awiri ankadziwa.

Tsiku lachinayi, kutangocha, Gilda anali pakhonde akutsuka maburashi a Ivone m'kambale ka sopo, posadziwa china chochita nawo. Diso lake linali litada bii. Anamva mapazi, n'kuona Carlota ataima pabwalo, mwana kumbuyo, kathumba m'manja. Kumaso kwake kunalibe phoda. Patsaya panali kutupa kwa mbama ya Celso, koma pansi pa diso ndi pambali pa mlomo panali zina zimene Celso sanaike: pena pobiriwira, pena chikasu. Gilda anaziwerenga osafuna, ndipo anachita manyazi pokumbukira zimene nayenso ananena mumtima tsiku lija mtembo unafika.

"Khalani, mana Carlota," anatero Gilda, kumutchula ngati mchemwali wake.

Carlota anakhala pamphepete pa khonde. Anamasula mfundo ya pakona ya kapulana n'kutulutsa kachitini kakang'ono, kaja kogulitsiramo mankhwala opaka chimfine. Pachivundikiro panalembedwa dzina lake ndi utoto wa zikhadabo, ndipo zilembozo Gilda anazidziwa. M'katimo munali mutatsala baze pang'ono m'mbali.

"Ivone ankatisakanizira yekha," anatero Carlota. "Aliyense ndi khungu lake. Tinalipo asanu ndi mmodzi pamzere wa nyumba zathu uja. Ukagogoda m'mawa sankafunsa kuti chachitika n'chiyani, ankangoti khala apa, yang'ana kuwindo."

Gilda anayang'ana kachitiniko.

"Koma akamakupatsa ankanena mawu amodzimodzi. Ankati, izi n'zodutsira pamsewu popita kwanu, kuti anthu a pa chapa, m'minibasi muja, asakuyang'anitsitse. Si zokhalira." Carlota anasuntha mwana kumbuyo. "Awiri anapitadi. Ine ndinkangobwerera kukadzazitsa kachitini. Tsiku lina ndinamufunsa kuti nanga iwe bwanji supita. Anaseka, akuti ine ndikapita, amayi akalima kuti?"

Mbuzi inali ikutafuna mapesi aja kuseri kwa nyumba. Gilda anagwira pakhosi pake, pamalo pomwe panali zala. Analira nthawi ndithu, Carlota ali pambali pake.

"Kwathu ndi ku Vubwi, ku Zambia," anatero Carlota pambuyo pake. "Ku Cassacatiza ndikangodutsa, sindilowa m'nyumba. Koma pa fronteira amandidziwa onse, ndipo bambo a mwanayu ali ndi anzawo pamenepo. Ndikafika chonchi ayamba kufunsa, wina athamanga kukanena." Anamupatsa kachitini kaja. "Mundipake kamodzi komaliza."

Gilda anapukuta manja. Analowa m'nyumba n'kubwera ndi chikwama cha Ivone, anayala zinthu pa kapulana, n'kumutembenuza Carlota kuti ayang'ane kumene kukuchokera dzuwa. Anakomba baze yotsalayo n'kuipaka kuseri kwa dzanja lake, n'kudikira kuti itenthe. Atayandikitsa dzanja kumaso, Carlota anatsinzina n'kukhwimitsa chibwano, ngati munthu amene wazolowera kuti dzanja likamabwera limabwera ndi ululu.

Gilda anapinda zala zinazo n'kutsala ndi cha mphete. Anagunda pansi pa diso pang'onopang'ono, pobiriwira paja.

Carlota anatsegula maso.

"Ndi chala chomwecho," anatero. "Sankatipweteka."